Mawu a Mlendo Wolemekezeka Potseka Maphunziro Oyesa Mapiko a Ndege pa Kompyuta

 

Boeing 737 yochoka ku Lilongwe kupita ku Johannesburg ikakwera n'kukhazikika, imayenda pa liwiro la pafupifupi Mach 0.78, ndiye kuti sinafike pa liwiro la mawu. Koma mpweya wodutsa pamwamba pa phiko umathamanga kuposa ndegeyo, umapitirira liwiro la mawu, kenaka umabwerera pansi kamodzin'kamodzi pa kamzere kopyapyala kamene akatswiri amati shock wave. Kamzereka kamakoka ndege m'mbuyo, mafuta n'kumapita. Ophunzira, ntchito yanu inali yopeza pamene kaima.

Ndayendera zithunzi zanu zili pakhomazo, zofiira, zabuluu, zokongola ndithu. Koma wina akatenga mafayilo anu mawa, apeza manambala omwewo?

Phiko mwayesali ndi RAE 2822, lomwe linapimidwa mu wind tunnel ku Britain, zotsatira zake n'kusindikizidwa mu 1979. Pa mayeso otchedwa Case 9, liwiro linali Mach 0.73, phiko litapendekeka madigiri 3.19. Poti makoma a tunnel amasokoneza mpweya, ambiri amaika 2.79 pa kompyuta, ena amakwezanso liwiro kufika 0.734. Kusiyanako n'kochepa kwambiri, koma kumasuntha shock wave ija. Anthu awiri angakangane mpaka dzuwa kulowa kuti wolakwa ndani, chonsecho sanayese chinthu chimodzi.

Choncho lembani zonse. Mwagwiritsa ntchito pulogalamu ya SU2 kapena ya OpenFOAM, ndipo ya chaka chiti? Mesh yanu ili ndi timagawo tingati, malire ake ali patali bwanji ndi phiko? Mukaichulukitsa kawiri, yankho limasintha? Ngati mwasankha njira ya Spalart-Allmaras pa nkhani ya chipwirikiti cha mpweya, nenani mtundu wake, pakuti mitunduyo ilipo ingapo. NASA inaisanja bwino pa intaneti. Ndipo magetsi akathima kompyuta ili mkati mowerengera, inu n'kudzayambira pakati, lembaninso zimenezo. Si zamanyazi.

Musaone ngati ndikukuderererani. Mu 2017, Olivier Mesnard ndi Lorena Barba a ku George Washington University anafotokoza kuti zinawatengera zaka zitatu kubwereza bwinobwino kafukufuku wa gulu lawo lomwe, wokhudza mmene njoka ina imayandamira mumlengalenga. Iwotu anali ndi makompyuta amphamvu. Ife tilibe wind tunnel yoti tikatsimikizire manambala athu, ndiye chimene chingatichitire umboni ndi mnzathu wakutali amene wayendetsa mafayilo athu n'kupeza zomwezo.

Aphunzitsi, ndikupempha chinthu chimodzi. Satifiketi tipereka lero, koma sabata yamawa wophunzira aliyense apatse mnzake mafayilo ake popanda kumufotokozera kanthu pakamwa, tione ngati shock wave ija idzaime pamalo omwewo.

Wapampando, ndi mawu amenewa ndikulengeza kuti maphunzirowa atsekedwa.