Chikwangwani Chabwino Chiitana Owerenga

Mau olankhulidwa kwa aphunzitsi ndi osunga mabuku a m'midzi

Aphunzitsi, mafumu ndi onse osunga mabuku, nkhani ya lero ndi ya luso limene anthu ambiri aliyesa laling'ono: kulemba zikwangwani, zidziwitso ndi timapepala tomata pa mashelefu m'nyumba ya mabuku.

Mu 1967 Nyumba ya Malamulo inapanga lamulo lokhazikitsa bungwe la National Library Service, ndipo bungwelo linayamba nchito mu 1968. Lero likulu lake lili ku City Centre mu Lilongwe, mzinda umene unakhala likulu la dziko mu 1975. Kuchokera kumeneko mabuku apita ku nthambi za m'maboma, m'sukulu ndi m'midzi. Ndalama zogulira ndi kutumizira mabuku amenewa n'zambiri ndithu.

Koma buku likafika m'mudzi, nchito siinathe. Mlimi amene afuna kudziwa za matenda a nkhuku alowa m'nyumba ya mabuku, naona mashelefu odzaza koma opanda chizindikiro. Achita manyazi kufunsa mnyamata wosunga mabuku, amene mwina ndi msinkhu wa mwana wake. Tsono atuluka chimanjamanja, ndipo sabweranso. Bukulo likhala pa shelefu kufikira chiswe chilipeza. Chimene chikanamthandiza ndi pepala limodzi lolembedwa bwino.

Kulemba chikwangwani chabwino sikufuna munthu wodziwa kujambula. Kufuna malamulo ochepa okha.

Loyamba: chikwangwani chimodzi chinene chinthu chimodzi. Wosunga mabuku asanagwire cholembera adzifunse kuti, kodi munthu wopita m'njira ayenera kudziwa chiani? Ngati ndi nthawi yotsegulira, alembe masiku ndi maola, basi. Malamulo obwerekera mabuku akhale pa pepala lina. Mau ofunika koposa akhale pamwamba ndi akuluakulu, ena onse atsate pansi ndi malembo ocheperapo.

Lachiwiri: kukula kwa malembo kuyesedwe ndi mtunda. Olemba zikwangwani ali ndi muyeso wao wakale: inchi 1 ya msinkhu wa lembo pa mafiti 10 aliwonse, ndiko kunena masentimita 2 ndi theka pa mamita 3. Motero chikwangwani choti chiwerengedwe ndi munthu woima pa mamita 12 chifuna malembo a masentimita 10. Akalemba, wolembayo apite kukaima pamene owerenga adzaima, naone yekha. Akumbukirenso agogo amene maso ao anafooka.

Lachitatu: mtundu wa malembo usiyane kwambiri ndi mtundu wa pepala. Malembo akuda pa pepala loyera apambana onse. Achikasu pa loyera saoneka. Ofiira pa obiriwira ndi obvuta, pakuti anthu ena, makamaka amuna, anabadwa osatha kusiyanitsa bwino mitundu iwiriyi. Mitundu iwiri pa chikwangwani chimodzi ikwanira.

Lachinai: pepala lisadzazidwe lonse. Munda wobzala mothithikana supatsa chimanga chabwino, ndipo mau othithikana sawerengeka. Wolemba asiye malo m'mbali monse ndi pakati pa mizere. Ayambe wajambula mizere yoongoka ndi rula ndi pensulo, nalembe mau mopepuka, ndipo akaona kuti akwana bwino adutsemo ndi inki. Mizere yonse iyambire pamalo amodzi kumanzere. Malembo akuluakulu okhaokha ayenera mutu wa mau awiri kapena atatu; chiganizo chachitali cholembedwa motero chitopetsa maso. Maluwa ndi zokongoletsa zambiri azisiye. Akulu anati chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere.

Tsono za mashelefu. Nyumba zambiri za mabuku, kuno ndi kunja, zisanja mabuku mwa njira imene Melvil Dewey wa ku America anaitulutsa mu 1876. M'njira imeneyi nkhani iliyonse ili ndi nambala yake: 200 ndi chipembedzo, 610 ndi za mankhwala ndi umoyo, 630 ndi ulimi, 900 ndi mbiri ndi maiko. Nambala zimenezi zithandiza wosunga mabuku, koma kwa mlimi 630 siinena kanthu. Chifukwa chake pa shelefu palembedwe "Ulimi ndi Ziweto" m'chilankhulo cha anthu a pamalopo, ndipo nambala ikhale pambali, yaing'ono. Timapepala tonse ta pa mashelefu tifanane kukula ndi kalembedwe, kuti maso azolowere msanga.

Zithunzi nazo zili ndi malamulo ake. Kalembera wa 2018 anapeza kuti mwa anthu 100 aliwonse a zaka 5 ndi kuposa, pafupifupi 69 ndiwo adziwa kuwerenga. Otsalawo, pamodzi ndi amene angoyamba sukulu ya kwacha, atsogoleredwa ndi chithunzi. Andreas Fuglesang wa ku Norway, amene anagwira nchito yophunzitsa za kadyedwe ku Zambia, anayesa zithunzi za mitundu yosiyana pakati pa anthu. M'buku lake la 1973 anafotokoza kuti chithunzi chimene anthu anachizindikira msanga ndi chojambulidwa ndi kamera, koma chochotsedwa zonse za kumbuyo, kutsala chinthu chofunikacho chokha. Phunziro lake nali: pa shelefu ya ulimi pakhale chithunzi cha khasu kapena chimanga chokha, chathunthu, chosadulidwa pakati, popanda mitengo ndi mapiri kumbuyo. Ndiponso chinthu chisakuzidwe mopitirira. Udzudzu wojambulidwa waukulu ngati nkhuku uchititsa anthu kunena kuti kwao kulibe chilombo chotero.

Lamulo lomaliza lipambana onse: chikwangwani chiyesedwe chisanakhomedwe. Wolemba achionetse kwa anthu atatu kapena anai, monga mwana wa sukulu, mai wa pamudzi ndi nkhalamba, nawafunse chimene aona, iye osawauza kanthu. Akalephera kumva, cholakwa chili pa pepala, si pa iwo. Safunsa anadya phula.

Achinyamata ambiri tsopano akonza zidziwitso pa kompyuta kapena pa foni, ndipo ofuna kuzama pa nchito ya mabuku apita kukaphunzira ku Mzuzu University. Zimenezo n'zabwino. Koma makina sasintha malamulo awa. Katoni yakale, rula, pensulo ndi inki yakuda zikwanira kuyamba nazo.

Mphunzitsi aliyense akabwerera kwao aime pakhomo la chipinda chake cha mabuku monga mlendo, nadzifunse ngati angapeze buku la ulimi popanda kufunsa munthu. Ngati sangathe, chikwangwani choyamba chilembedwe sabata lomwelo.