KABOTOLO KA MAFUTA A LAVENDA



Madzulo ano ndifuna kukamba za kabotolo kakang'ono kamene kafala m'masitolo a mankhwala a pakati pa mzinda, a ku Woodlands ndi a ku Kabulonga, ndipo tsopano kalowa ndi m'nyumba za ku Kabwata ndi ku Chelstone. Ndiko kabotolo ka mafuta a lavenda. Ena anena kuti mafutawa aciritsa mutu, zironda, ngakhale malungo amene. Tiyeni tiipete nkhaniyi, kuti mankhusu apite padera.

Lavenda ndi citsamba ca pfungo lokoma, cimene cilimidwa kwambiri ku Bulgaria ndi ku France. Maluwa ace afanana mtundu ndi maluwa a jakaranda wa m'miseu yathu. Opanga mafutawa apititsa nthunzi yotentha m'maluwamo, monga acitira ophika kacasu, ndipo nthunziyo ikazizira mafuta ayandama pamwamba pa madzi. Kuti apeze kilogalamu imodzi ya mafuta, pafunika maluwa olemera ngati makilogalamu 100. Cifukwa cace mafuta eni eni ali amphamvu ndi okwera mtengo, ndipo botolo lalikulu la mtengo wocepa liyenera kukukayikitsani.

Nanga ubwino wace ndi wotani? Akatswiri apeza kuti pfungo lace lithandiza anthu ena kukhazika mtima pansi ndi kupeza tulo, koma thandizolo liri laling'ono. Inu abambo amene mugwira nchito ya usiku mumgodi, nimubvutika kugona usana, mukhoza kudonthezera madontho 2 pa kansaru ndi kukaika pafupi ndi mtsamiro. Mukafuna kutikita khosi kapena msana wotopa, sanganizani madontho 2 ndi kasupuni kamodzi ka mafuta ophikira, ndipo muyambe mwayesa pa mkono, pakuti khungu la ena licita zidzolo. Ubwino wace ulekezera pomwepa.

Tsopano cherani khutu, pakuti ndafika pa mau akulu. Mbiri ya mafutawa inabuka ndi Mfalansa wina, René-Maurice Gattefossé, amene anapsya manja m'caka ca 1910, nalemba kuti lavenda anamthandiza. Koma kumbukirani kuti masiku amenewo kunalibe penisilini, kapena mankhwala ena amphamvu ophera tizirombo amene tiri nao lero. Mu June ndi July, pamene mbaula iyaka m'nyumba zambiri, ana amapsya kawirikawiri. Mwana akapsya, amai, musamdzoze lavenda, dzira, mcere kapena mankhwala otsukira mano. Thirani madzi ozizira oyera pamalopo kwa mphindi 20, phimbani ndi nsaru yoyera, nimuthamange naye ku kiliniki. Cironda cikakhala cacikuru, a ku kiliniki adzamtumiza ku cipatala cacikuru, monga University Teaching Hospital.

Cimodzimodzinso malungo. Thupi likatentha, pitani akapime magazi tsiku lomwelo. Pfungo la lavenda siliphe kacirombo ka malungo, ndipo silingalowe m'malo mwa neti yotetezera udzudzu. Masiku awiri amene mutaya mukudzoza mwana mafuta akhoza kumtayitsa moyo.

Cinanso, mafuta a m'kabotolo sali akumwa ai. Zoonadi, ku Germany kuli timapiritsi ta lavenda ta anthu akulu obvutika ndi nkhawa, koma timeneto tipangidwa ndi muyeso wace wace. A m'kabotolo, mwana akawamwa, akhoza kusanza ndi kufooka koopsya. Abiseni pamwamba, pamene muika parafini. Ndiponso m'caka ca 2007 madotolo a ku America analemba za anyamata 3 amene anatupa mawere pamene anali kudzola zinthu zokhala ndi lavenda, ndipo kutupako kunatha atasiya kudzola. Akatswiri sanagwirizane onse za cimene cinacititsa, koma nzeru ndiyo kusadzoza ana mafutawa masiku onse.

M'dziko muno muli bungwe la boma loyang'anira mankhwala, lochedwa ZAMRA. Munthu akakuuzani kuti mafuta ace aciritsa nthenda, mfunseni ngati bungwelo linawabvomereza kukhala mankhwala a nthendayo. Akayamba kuzungulira, bwezani ndalama zanu m'thumba.

Cotero gulani lavenda ngati mukonda pfungo lace, ndipo akuthandizeni kupumula. Koma nthenda ikalowa m'nyumba, kabotoloko katsale pa thebulo, inu muuyambe wa ku cipatala.