Kukhoza "with flying colours": mawu kwa makolo ndi ophunzira a ku Makwasa



Chaka chilichonse bungwe la MANEB likatulutsa zotsatira za mayeso, pano pa Makwasa pamamveka mawu a Chingerezi akuti mwana wakhoza "with flying colours". Ambiri amawatchula, koma ndi ochepa amene amadziwa gwero lake.

Mawuwa anachokera kwa amalinyero a ku Ulaya. Kalelo, sitima yankhondo ikapambana panyanja, inkabwerera kudoko mbendera zake zikupepeluka m'mwamba kuti anthu a kumtunda adziwire patali. Yogonja inkatsitsa mbendera. Choncho "colours" apa ndi mbendera, ndipo mawuwa amayenera munthu amene wakhoza mosakayikitsa, osati wongodutsa movutikira.

Pa mayeso a MSCE kusiyanaku kumaoneka bwino. Giredi 1 ndi 2 ndi kukhoza mwapamwamba, 3 mpaka 6 ndi kilediti, pamene 7 ndi 8 ndi kungodutsa. Mayunivesite a boma amafuna makilediti 6, kuphatikizapo Chingerezi. Mwana wofuna kudzaphunzira unamwino ku Malamulo, mishoni imene yakhala pakati pathu kuyambira 1902, sangadalire kungodutsa.

Angerezi ali ndi mawu enanso akuti "false colours", onena za achifwamba a panyanja amene ankakweza mbendera yabodza pofuna kunyenga anzawo. Wobera mayeso amachita zomwezo. Mu Novembala 2020 mayeso a MSCE anathetsedwa chifukwa mapepala anabedwa, ndipo ophunzira onse, ngakhale osalakwa, anayenera kulembanso mu 2021. Satifiketi yopezeka mwachinyengo ndi mbendera yabodza, ndipo imaulula mwini wake tsiku loyamba pa ntchito.

Akuluakulu anati m'mera mpoyamba. Nyengo ya dzinja, tiyi akachuluka m'minda, makolo amalawirira kukathyola, ndipo ana ena amatsalira pakhomo kulera azing'ono awo kapena kuthandiza kumunda. Masiku ojombawo ndiwo amasandutsa kilediti kukhala giredi 8. Mafumu ndi makomiti a sukulu akupemphedwa kulondola mwana aliyense wojomba, ndipo makolo apatse ana mpata wowerenga madzulo. Mwana wophunzira teremu yonse mosadukiza ndi amene adzabwere nazo zotsatira zoyenera mawu amenewa.