Bokosi la Citsulo Liri Kunsi kwa Kama

Nkhani ya lero iri ya cinthu cooneka cacing'ono, koma cimene cayambanitsa mabanja ambiri: cifukwa ninji munthu alephera kutaya zinthu zakale, zingakhale zinaleka kumthandiza?

M'midzi ya ku Katete, ku Sinda ndi ku Vubwi muli nyumba zambiri zimene eni ace anathera unyamata wao ku Kitwe, ku Mufulira kapena ku Luanshya. Wolowa m'nyumba yotere apeza bokosi la citsulo kunsi kwa kama. M'menemo muli cisoti colimba ca pansi pa mgodi, jombo zong'ambika, mapepala a malipiro a zaka zambiri, ndipo kapena wailesi ija yonga sefuliya, Saucepan Special, imene inafika m'dziko muno m'caka ca 1949 pa mtengo wa mapaundi 5, ndipo atate ace a mwini nyumba anaigula. Kuseri kwa citseko kuli njinga yopanda unyolo, ndi makina osokera a Singer amene anaima kalekale. Mai wa pa nyumba adandaula kuti alibe poika ufa. Ana akafika kucokera ku Lusaka anena kuti, "Atate, zinthu izi zatha nchito, lolani tizitaye." Mkuruyo akwiya, aturuka panja, ndipo tsiku limenelo nsima siikoma. Anawo abwerera ku tauni ali kuganiza kuti atate ao ali aumbombo, kapena kuti mutu wayamba kusokonezeka ndi ukalamba. Kawirikawiri maganizo awiri onsewa ali olakwa. Anthu ophunzira za mtima wa munthu apeza zifukwa zitatu, ndipo ziri mwa munthu ali yense, Mcewa ndi Mzungu yemwe.

Coyamba ndi ici: cinthu cikangokhala cace ca munthu, mtengo wace ukwera m'maso mwace. M'caka ca 1990 akatswiri atatu, Daniel Kahneman, Jack Knetsch ndi Richard Thaler, anafalitsa zimene anapeza poyesa ana a sukulu yaikuru ya Cornell ku America. Ena anawapatsa makapu aulere, ena sanawapatse. Tsono anafunsa olandirawo mtengo umene angagulitsire, nafunsa enawo mtengo umene angagulire. Olandirawo anachula ndarama zoposa za anzao monga kawiri, cinkana kapuyo anali atakhala nayo kanthawi kocepa. Kale m'caka ca 1979 Kahneman yemweyo ndi mnzace Amos Tversky anali ataonetsa kuti kutaya cinthu kupweteka mtima koposa m'mene kupeza cinthu cofanana naco kukondweretsera. Alimi a ku Katete adziwa bwino zimenezi. Wogula afika pa khola nachula mtengo wabwino wa nkhumba. Mwini akana, pakuti kwa iye nkhumbayo iposa nkhumba zonse za m'mudzi. Pakapita mwezi cigodola cilowa m'khola, ndipo atsala wopanda nkhumba, wopandanso ndarama.

Caciwiri ndi cikumbukiro. William James, mphunzitsi wa ku Harvard, analongosola m'caka ca 1890 kuti munthu sayesa thupi lokha kuti ndilo iye mwini. Zobvala, nyumba ndi nchito ya manja ace aziyesanso ziwalo zace. Dokotala wa ana wa ku England, Donald Winnicott, analemba m'caka ca 1953 za kansaru kamene mwana akana kusiyana nako pogona, cifukwa kamkumbutsa amace. Mai ali yense wa ku Vubwi anaona kale zimenezi: mwana alira akamlanda citenje cakale cimene anaberekedwa naco, ngakhale ampatse catsopano. Munthu akakula mtima umenewu sucoka, ungosamukira pa zinthu zina. Pamene kampani ya ZCCM inagulitsidwa, nchito imene inatha m'caka ca 2000, amuna ambiri anacotsedwa pa migodi nabwerera kwao. Nyumba ya ku komboni, anzao a pa nchito, ndi ulemu wa munthu wolandira malipiro pa mwezi, zonse zinatsala m'mbuyo. Cisoti cija ndico mboni yotsala yakuti munthuyu anatsikadi pansi pa nthaka zaka zonsezo kuti ana aphunzire. Mwana wonena kuti "tayani" aona cisoti cosweka, koma atate ace amva monga auzidwa kuti zaka zao zinapita cabe.

Cacitatu ndi mantha a kusowa. Amene anaona cilala ca 1992, ndi cija ca 2024 cimene Boma linacicha tsoka la dziko lonse, salekerera kanthu msanga. Mau ace ndi amodzimodzi: "Cidzathandiza tsiku lina." Ndipo nthawi zambiri anena zoona. Thumba la feteleza lisanduka coyanikapo ufa, citini cisanduka nyali, tayala lakutha lisanduka nsapato, waya asanduka galimoto la mwana. Kusunga kotere ndi nzeru, ndipo palibe wofunika kucita nako manyazi. Koma kusunga ndi kuunjika ziri zinthu ziwiri. Wosunga adziwa pamene pali cinthu cace, adziwanso nchito imene cidzagwira. Wounjika angoika pamwamba pa zina, ndipo tsiku lofuna msomali umodzi apita kukagula ku sitolo, pakuti misomali yace yakwiririka. Nthawinso siiyembekeza munthu. Pa 1 January 2013 kwaca inasinthidwa, K1,000 yakale nikhala K1 yatsopano. Amene anakumbira ndarama zakale pansi osazisintha m'nthawi yace, lero ali ndi mapepala okha.

Kwa anthu ena bvuto limeneli likula kufikira kukhala nthenda. M'caka ca 1947 mu mzinda wa New York anapeza abale awiri, Homer ndi Langley Collyer, atafa m'nyumba mwao. Langley anaphwanyidwa ndi mulu wa katundu wace umene unamgwera, ndipo Homer, amene anali wakhungu wodalira mbale waceyo, anafa ndi njala. M'nyumbamo anaturutsamo katundu woposa matani 100. M'caka ca 2013 madokotala a nthenda za maganizo a ku America analemba kuunjika zinthu monga nthenda ya payokha, ndipo bungwe la World Health Organization linacita cimodzimodzi m'buku lace limene linayamba kugwira nchito m'caka ca 2022. M'maiko m'mene anawerenga, anapeza anthu 2 kapena 3 mwa 100 ali nayo. Zizindikiro zace ndi izi: munthu abvutika mtima kwambiri pongoganiza zotaya kanthu kacabe, zinthu zidzaza nyumba kotero kuti pogona ndi pophikira pasowa, ndipo aleka kulandira alendo cifukwa ca manyazi. Iyamba pang'onopang'ono pa unyamata, nikula ndi ukalamba, makamaka munthu akaferedwa. Wotere sali waulesi, ndiponso sanalodzedwe. Acibale akamtayira zinthu mokakamiza iye kulibe, nyumba idzalanso, ndipo cikhulupiriro cace pa iwo citha. Cofunika ndi kupita naye ku cipatala kuti akambe ndi odziwa za maganizo; ku Katete kuli St Francis, ndipo ku Lusaka kuli Chainama.

Ngakhale pamene palibe nthenda, mulu wa zinthu m'nyumba uli ndi zoopsa zace. Makoswe akonda masanza ndi mapepala ounjikidwa, ndipo utitiri wa makoswe ndiwo ufalitsa mliri umene madokotala aucha plague. Mliri umenewu unagwapo kale ku Sinda, ndipo ku Nyimba unagwa m'caka ca 2015. Zitini ndi matayala zosiyidwa kuseri kwa nyumba zisunga madzi a mvula, m'mene udzudzu uswana. Coopsa koposa ndi mabotolo a mankhwala opopera thonje. Botololo liri lolimba, lokongola, ndipo mtima uti, "Nditayirenji?" Mawa mwaikidwa mcere, kapena madzi akumwa opita nao ku munda. Poizoni wotsalira m'botolo satha ndi kutsuka. Botolo lotere liyenera kuboolewa kuti wina asaligwiritsenso nchito, ndi kulitaya monga alangizi a zaulimi anenera.

Makolo a Acewa anali ndi njira yao yothandizira mtima kulekana ndi zinthu. Munthu akamwalira, mbale ndi cikho cace anaziika pa manda ataziboola. Ofedwa anameta tsitsi, ndipo mwambo wa maliro ukatha nyumba ya womwalira inagwetsedwa. Zotsala anagawana pamaso pa akuru. Nthaka ikaguga mudzi wonse unasamuka, nusiya bwinja. Wamasiye sanasiyidwe yekha kuti aweruze za malaya a mwamuna wace. Mudzi unaika tsiku, nusenza naye kulemera kwa tsikulo. Komatu cuma cikacuruka mikangano inacurukanso. Max Marwick, amene anakhala pakati pa Acewa a kwa Kawaza m'zaka za 1946 ndi 1947, ndiponso 1952 ndi 1953, anapeza kuti milandu yambiri ya ufiti inali pakati pa abale a mbumba imodzi, ndipo ng'ombe ndi katundu zinali zina mwa zoyambitsa. M'caka ca 1989 Boma la Zambia linaika lamulo la cuma ca munthu womwalira wosasiya kalata: magawo 50 mwa 100 apita kwa ana, 20 kwa mkazi kapena mwamuna wotsala, 20 kwa makolo, ndi 10 kwa ena odalira womwalirayo. Lamulo ligawa cuma, koma silingacotse cidani. Munthu wokana kulekana ndi kanthu ali moyo asiyira ana ace ndi adzukuru ace ndeu ya pa maliro.

Tsono mwini bokosi la citsulo acite ciani? Asayambe ndi cinthu cimene cimgwira mtima, koma ndi zosabvuta, monga zitini zadzimbiri ndi mabatire akutha. Asafune kutsiriza tsiku limodzi. Ngodya imodzi pa mlungu yakwanira. Pa cinthu ciri conse adzifunse kuti, "Cikadakhala pa msika wa ku Sinda lero, kodi ndikadacigula? Capita mvula zingati cosagwira nchito?" Pa zinthu za cikumbukiro asankhe cimodzi kapena ziwiri, cisoti acipacike pa khoma pamene alendo aciona, pakuti m'bokosi sicikumbutsa munthu kanthu. Makina osokera awapatse mdzukuru amene aphunzira utelala, njinga aipereke kwa wokonza njinga acotseko zitsulo. Akuru anati kupatsa ndi kuika: cinthu coperekedwa kwa wocigwiritsa nchito sicinatayike. Za ng'ombe, nyumba ndi ndarama alembe kalata pamaso pa mboni, mutu uli bwino. Ndipo wa ku tauni amene asunga katundu kwa mbale ku Ndola, wina ku mudzi, osaona konse m'mene ziriri, akumbuke kuti mapanga awiri abvumbwitsa.

Kwa ana mau ali awa: asafike ndi tsache, afike ndi makutu. Mwana akhale pansi nati, "Atate, cisoti ici munabvala pa mgodi uti?" Mkuruyo adzasimba za usiku umene madzi analowa, ndi za mnzace amene sanaturuke. Nkhaniyo ikalowa m'mutu mwa mdzukuru, cinthuco capereka cimene cinasunga, ndipo dzanja la mkuruyo limasuka lokha. Nyumba yoyera, m'mene mphepo ipita ndipo makoswe asowa pobisala, isunga moyo wa mwini wace. Sunga khosi, mkanda uoneka.