Mankhwala a Zitsamba ndi Impso za Mwana Wanu

Lero tikambirane za ufa wa chammwamba ndi zitsamba zina zimene amalonda amati zimapha tizirombo ndi kutsuka impso. Ena amaonjeza kuti akatswiri adaziyesa kale. Kodi kuyesako n'kotani?

Akatswiri amayanika masamba, n'kuwasinja, n'kuwaviika m'madzi kapena mu spiriti. Kenaka amadonthezera madziwo m'kambale momwe aŵetamo tizirombo. Likatha tsiku, amayang'ana ngati tizirombo tafa pozungulira dontholo. Za impso amayesera pa makoswe. Amawabaya jekeseni wambiri wa gentamicin, amene akachuluka amavulaza impso, ndipo ena amawamwetsa chitsambacho, ena ayi. Pambuyo pake amapima magazi a magulu onse aŵiri. Chammwamba chidayesedwa motere m'maiko angapo, ndipo pa makoswe zotsatira zidaoneka zabwino.

Koma khoswe si mwana wanu, ndipo kambale kalibe chiŵindi kapena impso. Chitsamba chisanatchedwe mankhwala, chiyenera kuyesedwa pa anthu ndipo muyezo wake udziŵike. LA amene timapatsa ana odwala malungo adachokera ku chitsamba cha ku China. Mphamvu yake idapezeka mu 1972, koma kuno ku Malaŵi tidayamba kumupereka mu 2007. Taonani kuchuluka kwa zakazo! Kumene anthu adafulumira kudagwa tsoka: ku Belgium, cha m'ma 1992, amayi oposa 100 adaonongeka impso atamwa mankhwala ochepetsa thupi momwe mudali chitsamba chotchedwa Aristolochia.

Chammwamba cha m'ndiwo kapena m'phala n'chakudya chabwino, sindikukuletsani. Chimene ndimaopa ine ndi mizu yoŵiritsa imene timamwetsa mwana wotsekula m'mimba, makamaka liwombo likaloŵa. Liwombo loloŵa limasonyeza kuti madzi achepa m'thupi. Pamenepo impso zake zalema kale, ndipo palibe angadziŵe ngati mphika wa lero uli ndi mphamvu yofanana ndi wa dzulo. Mpatseni ORS, ndipo pitirizani kumuyamwitsa.

Mwana akakhala kuyambira m'maŵa mpaka masana osakodza, kapena akatupa nkhope ndi mapazi, musadikire kuti kuche. Thamangirani naye ku chipatala chapafupi kapena cha boma ku Dedza. Ngati mudammwetsa kanthu, nenani poyera, ndipo mutenge muzuwo kapena botolo lake. Sitikukalipirani ayi. Adokotala afuna adziŵe chimene chaloŵa m'thupi mwa mwanayo asanamlembere mankhwala.