Za Munthu Woulula Ozemba Msonkho, ndi Mphotho Yache

Lero ndinena za msonkho, ndi za munthu amene aulula mnzache wouzemba, nalandirapo mphotho.

Mudziwa kuti kuyambira chaka cha 2000 wokhometsa msonkho m'dziko muno ndiye bungwe la Malawi Revenue Authority, limene tilitcha MRA. Bungweli lilandira mau a m'seri ochokera kwa anthu, ndipo linalonjeza mphotho kwa iye amene mau ache athandiza kupeza msonkho wobisika. Sindife tokha. Ku America lamulo la 1867 linalola kale kulipira woulula, ndipo la 2006 linaika kuti pa milandu yaikuru apatsidwe magawo 15 kufikira 30 pa 100 a ndalama zimene boma lazipeza. Munthu wina, dzina lache Bradley Birkenfeld, wantchito wa banki ya UBS ya ku Switzerland, anaulula umo bankiyo inathandizira olemera kubisa chuma chao. Bankiyo inalipa madola 780 miliyoni mu 2009, ndipo iye anapatsidwa madola 104 miliyoni mu 2012. Koma musaiwale ichi: anayamba wagona m'ndende, pakuti nayenso anali ndi dzanja m'chinyengocho.

Tsono inu eni masitoro a pa Balaka ndi pa Liwonde, chinthuchi chikhudza inu koposa onse. Kale munthu akasunga mabuku awiri, lina la iye mwini ndi lina loonetsa boma, ankaopa mlendo yekha wochokera ku ofesi, amene abwera kamodzi nachoka. Lero aope ndani? Kalaliki amene alemba mabuku onse awiriwo. Mnyamata amene atsitsa matumba usiku. Woyendetsa lole amene adziwa njira ya kutchire yolambalala chipata cha Nayuchi, naudziwa ndi mudzi umene katundu wa ku Mozambique agonamo. Anthu awa adya m'dzanja lanu, inde; komatu tsiku limene mudzawachotsa ntchito osawalipira mwezi wao, adzakumbukira kuti kuli wina wolipira mau ao. Ndaona eni malonda akumanga mpanda wautali ndi kugula loko wamkuru, osalingalira kuti mboni iri m'kati momwemo, pa mpando wa pafupi ndi kabati ya ndalama.

Ndipo ndikufunseni, ndalama zimene mubisazo nza yani? Msonkho wa VAT, umene unalowa m'malo mwa surtax mu 2005, suchokera m'thumba la wogulitsa ai. Mu 2014, pamene anabweretsa makina a EFD otulutsa risiti, msonkhowu unali K16.50 pa K100 iri yonse. Mai wogula malata a K100,000 anaonjezapo K16,500, nazipereka m'dzanja la mwini sitoro kuti azifikitse ku boma. Mwini sitoro akapanda kutulutsa risiti nasunga ndalamazo, wadya za mai uja, wadyanso za odwala amene afuna mankhwala ku chipatala. Sindinena za wogulitsa mandasi kapena tomato pa msika. Malonda ache safikira muyeso wolembetsa VAT, asabvutike mtima.

Ndimva ena a inu mulikunena chamumtima kuti, Woulula ndiye kazitape, ndiye Yudasi. Sindikudabwani. Akuru pakati panu akumbukira masiku a chipani chimodzi, chisanafike chaka cha 1994, pamene mau amodzi onong'onezedwa ankatengetsa munthu usiku. Enanso muti, Tiperekerenji, popeza mu 2013 tinaona ndalama za boma zikubedwa ku Lilongwe pa mlandu wa Cashgate? Kudandaula kumeneko nkoona. Koma mbala ya ku Capital Hill siyeretsa mbala ya pa Balaka. Ndipo Yudasi anagulitsa munthu wosachimwa, pamene woulula woona aonetsa ndalama za anthu zimene zabisidwa.

Chimene ndiopa ine ndi china. Mphotho iitana wonena zoona, iitananso wanjiru. Pali munthu amene sitoro ya mnzache imuwawa chifukwa ogula achuruka kumeneko. Pali mlamu amene anamanidwa ngongole. Iwe amene ulingalira zokaulula, dzifunse poyamba: kodi unaona ndi maso ako, kapena unangomva pa bawo? Kodi ukanapita ngakhale pakanapanda mphotho? Ngati mwini malondayo ndi mbale wako, ndipo kulankhula naye sikukuika pa ngozi, yamba wamchenjeza kuti akonze mabuku ache. Akakana, pita, nunene zokhazo zimene uzidziwa, osaonjezapo thumba ngakhale limodzi. Pakuti a MRA adzafufuza, ndipo bodza likapezeka, dzina la munthu wosalakwa lidzakhala litaipa kale pa msika ponse.

Inu aphunzitsi, pobwerera ku midzi yanu tengani risiti imodzi ya m'sitoro, muilembe pa bolodi, ana aone pamene palembedwa mtengo wa katundu ndi pamene palembedwa msonkho, nawerengere okha. Muwauzenso akapita kukagula ndi makolo ao, aziipempha risitiyo asanatuluke pakhomo.