Mtsuko wa Kuseri kwa Nkhokwe

Ku Italy, m'mudzi wa Montelupo pafupi ndi Florence, kunali mmisiri dzina lace Aldo Londi, amene anayamba kutsogolera nchito ya zoumba pa fakitale ya Bitossi m'caka ca 1946. Mbiya zace zochedwa Rimini Blu, zooneka ngati thambo ndi zodindidwa maanga pamanja, lero anthu azifunafuna m'misika ya zinthu zakale, nazikhazika pa thebulo osaphikiramo kanthu.

Koma mwamuna wa ku Katete wogwira nchito ku migodi, pobwera kwao pa chuti, apeza mtsuko wa ambuye ace uli gone kuseri kwa nkhokwe, nkhuku zilikuikiramo mazira, pakuti madzi atungira m'zigubu tsopano. Mtsukowo sunaone makina. Mai anakumba dothi ku dambo, nalikanda, nauumba, nausalaza ndi nkhulungo, naulemba mizere m'khosi, nauocha pa moto wa pabwalo. Luso limeneli si la dzulo ai: akatswiri anafukula mapale a mbiya zamakedzana m'phanga la Makwe, ku Katete komweko.

Wofuna kusunga mbiya yotere m'nyumba mwace ayambe waigogoda ndi cala. Ikalira ngati belu ili bwino; ikalira mogontha ili ndi mng'alu. Maanga akuda amene moto unasiya si cilema. Asaitenge mwaciphwanya, koma apemphe kwa eni ace, afunsenso dzina la amene anaiumba, cifukwa nkhalamba zokumbukira zimenezi zilikutha. Pokwera basi aikulunge ndi udzu m'dengu, naliike pamiyendo pace, osati pamwamba pamodzi ndi matumba a cimanga.